Maina atsopano pa mabotolo a zodzoladzola, zenizeni ndi ziti?

Funso lomwe ndalandira ndi ili, ndangolifupikitsa pang'ono: "Ndili ndi zaka 31, khungu langa ndi lakuda ndipo chiphuphu chilichonse chikapola chimandisiyira banga lomwe limatenga miyezi kuti lichoke. Tsitsi ndimawongola ndi rilakisa ndipo likuduka kwambiri, faundeshoni iliyonse ndikapaka ndimatuwa mbuu. Nde tsiku lililonse pa foni ndikuona maina atsopano, lero exosome, mawa PDRN, mkuja bakuchiol, kaya zolumikiza tsitsi loduka, aliyense akuti zake zangotulukiridwa kumene. Kodi zenizeni ndi ziti, kapena zonse ndi malonda chabe?"

Achemwali, funso lanu ndalikonda chifukwa ndi lomwe ndimalakalaka anthu atamafunsa asanatulutse ndalama. Ntchito yanga ndi yosakaniza zodzoladzola mu labu, ndiye ndikuyankhani ngati munthu amene amaziona zinthuzi zisanalowe mu botolo lokongola lija. Zatsopano zenizeni zilipo ndithu, koma ndi zochepa kusiyana ndi phokoso lomwe mukulimva, ndipo nthawi zambiri si dzina lija alilemba ndi zilembo zazikulu kutsogolo ayi, nkhani imagona pa kasakanizidwe, kutanthauza mmene mankhwalawo awasungira kuti asafere mu botolo momwemo, mmene awathandizira kulowa pakhungu, komanso mlingo womwe aikamo.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Ntchito ya khungu ndi kutchinga, si kumwa chilichonse chomwe mwalipaka. Pamwamba penipeni pali kachikopa kopyapyala kuposa pepala, komangidwa ngati khoma la njerwa, njerwazo ndi maselo akufa ndipo matope ake ndi mafuta omwe pafupifupi theka lake ndi ma ceramide. Chilichonse chofuna kukagwira ntchito mkati chiyenera kudutsa m'matope amenewo. Mu 2000 akatswiri awiri a khungu a ku Netherlands, Bos ndi Meinardi, adalemba kalamulo komwe tonse pa ntchitoyi timakagwiritsa mpaka lero, kuti molekyu, kachidutswa kochepetsetsa ka mankhwala, ikalemera kupitirira ma dalton 500 (dalton ndi muyeso wa kulemera kwake) kudutsa khungu labwinobwino kumavuta kwambiri. Niacinamide ali cha pa 122, vitamini C 176, retinol 286, onsewa kukula kwawo kukuwalola. Kolajeni ali cha pa 300,000. Ndiye kirimu wa kolajeni amafewetsa ndithu poti amasunga chinyezi pamwamba, koma zoti alowa kukachotsa makwinya mkati ayi, khomolo ndi laling'ono.

Ndi muyeso umenewu nkhani ya exosome ndi PDRN siitenga nthawi. Ma exosome ndi timatumba ting'onoting'ono tomwe maselo amatulutsa potumizirana uthenga, sayansi yake ndi yosangalatsa ndipo mwina kutsogoloku idzatipatsa zinthu, koma timatumbati timawonongeka msanga, pa khomo lija nditakulu, ndipo mu 2019 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza anthu kuti palibe mankhwala a exosome omwe lidawavomereza. PDRN ndi tizidutswa ta DNA totengedwa ku umuna wa nsomba ya salmon, idatchuka kwambiri kuchokera ku South Korea, ndipo umboni wake wogwirika ndi wa jakisoni ndi wa zilonda, osati wongopaka pamwamba. Imanyowetsa khungu inde, koma mawanga anuwo si ntchito yake. Ndalama zanu sungani kaye.

Kuti mumve bwino zomwe ndikutanthauza ndikamati kasakanizidwe, ndikuuzeni za vitamini C. Amabwera ngati ufa woyera, ukamusungunula amaoneka mbee ngati madzi akumwa. Poyesa ine ndimaika mabotolo awiri, lina mu kabati mumdima lotsekedwa bwino, lina lagalasi loonekera pa windo ndipo limenelo ndimalitsegula tsiku ndi tsiku ngati mmene munthu amachitira kunyumba. La pa windolo pakatha masabata ochepa limayamba chikasu, kenako olenji, mapeto ake limafiira ngati madzi a dzimbiri, kafungo kamasintha, pakamwa pa botolo pamachita zomatamata. Apo vitamini C wafa, mpweya ndi kuwala zamudya, olo lebulo ikunenabe kuti 15%. Dokotala wa khungu Sheldon Pinnell ndi anzake ku Duke University adapeza kuti vitamini C wa mtundu wa L-ascorbic acid amalowa bwino pakhungu pH, muyeso wa asidi womwe nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka, ikakhala pansi pa 3.5, ndipo mu 2005 adaonetsa kuti ukaika 15% ya vitamini C, 1% ya vitamini E ndi 0.5% ya ferulic acid pamodzi, msakanizowo umakhalitsa ndipo mphamvu yake yotchinga zoipa za dzuwa imawirikiza kawiri. Pa zitatuzo panalibe chatsopano ngakhale chimodzi, chatsopano chinali kuziika pamodzi pa mlingo woyenera. Mpaka lero zomwe makampani akulimbana nazo ndi zomwezo, mabotolo opopa osalowetsa mpweya, seramu yopanda madzi, ufa woti muzisakaniza nokha pa nthawi yopaka. Mukagula gulani kabotolo kakang'ono kakuda, kakafiira katayeni.

Retinol nayenso nkhani yake ndi yomweyo. Kholo lake ndi tretinoin, yemwe adavomerezedwa ku America mu 1971 pa ziphuphu, ndipo pa zonse zopaka pankhope ndi banja limeneli lomwe lili ndi umboni wochuluka kwambiri, pa ziphuphu, pa makwinya ngakhale pa mawanga. Retinol akalowa pakhungu amasinthidwa kawiri kuti asanduke asidi yemwe maselo amamumva, m'bale wake retinal amasinthidwa kamodzi kokha nde amagwira msangako. Vuto lawo ndi ukali, amayabwa, amasenda khungu, ndipo kwa inu a khungu lakuda kupsa kulikonse kumabala banga lina, mumapezeka mukuzimitsa moto ndi mafuta. Apa ndi pomwe zotulukira zatsopano zathandizadi. Kutsekera retinol mu timibulu ta mafuta kapena ta polima toti tizimutulutsa pang'onopang'ono usiku wonse kwachepetsa ukali uja komanso kukumuteteza ku mpweya. Palinso adapalene, wa banja lomweli, yemwe adavomerezedwa ku America mu 1996, uyu saopa kuwala kwenikweni ndipo anthu ambiri amamupirira bwino kusiyana ndi tretinoin, ku America adayamba kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala mu 2016 pa mlingo wa 0.1%. Kwa munthu amene mawanga ake akuchokera ku ziphuphu, ine adapalene ndimamuika patsogolo, chifukwa chiphuphu chikapanda kutuluka banga silibadwa. Kadontho ngati kambewu ka nyemba nkhope yonse, usiku, kawiri pa sabata poyamba, pamwamba pake kirimu wofewetsa. Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna pathupi banja lonse la retinol muliiwale kaye.

Bakuchiol yemwe mwamutchula amachokera ku mbewu za chomera chotchedwa babchi chomwe chimamera kwambiri ku India, si wachibale wa retinol olo amamutsatsa choncho. Kafukufuku yemwe adamutchukitsa adatuluka mu British Journal of Dermatology mu 2019, anthu 44 kwa masabata 12, ena akupaka bakuchiol kawiri pa tsiku ena retinol kamodzi, ndipo zotsatira zidafanana koma a retinol adasendeka ndi kuyabwa kwambiri. Ndi nkhani yabwino, koma anthu 44 ndi ochepa mukayerekeza ndi zaka 50 za umboni wa tretinoin. Ngati retinol wakukanani, muyeseni, palibe cholakwika.

Tsopano pa mawanga, pomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa apa pali chotulukira chomwe ine ndimachilemekeza. Mtundu wa khungu umachokera ku melanin, ndipo popanga melanin thupi limagwiritsa enzyme, puloteni yofulumizitsa ntchitoyo, yotchedwa tyrosinase. Khungu likavulala, kaya ndi chiphuphu, kaya mwachifinya, kaya ndi mafuta aukali, maselo opanga melanin amadzidzimuka nkutulutsa wochuluka pamalo pomwepo, banga ndi limenelo. Kwa zaka zambiri ofufuza akafuna mankhwala ofooketsa tyrosinase amayesera pa tyrosinase ya bowa, poti ndi yotchipa komanso yosavuta kupeza. Koma ya bowa ndi ya munthu sizofanana, ndiye mankhwala ambiri amaoneka amphamvu mu chubu cha mu labu koma pa nkhope ya munthu osaoneka kanthu. Kampani ya Beiersdorf ya ku Germany idapanga tyrosinase ya munthu yeniyeni mu labu nkuyesapo mankhwala okwana 50,000, ndipo yemwe adapambana ndi amene akutchedwa thiamidol, zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018. Pa lebulo amalembedwa isobutylamido thiazolyl resorcinol ndipo amapezeka mu zinthu zina za Eucerin ndi Nivea. Apa chidasintha ndi funso lomwe ofufuzawo amafunsa, nchifukwa chake ndimati ichi nchatsopanodi. L'Oréal nayo mu 2024 idatulutsa Melasyl, yemwe amagwira mwa njira ina, iye salimbana ndi enzyme koma amagwira tizipangizo ta melanin tisanasanduke mtundu. Chomwe muyenera kudziwa nchoti kafukufuku wambiri wa awiriwa amalipiridwa ndi makampani eni ake, sikuti ndiye kuti ndi wabodza, koma zithunzi za pa malonda zija muzichotsera pang'ono.

Palinso tranexamic acid, mbiri yake imandikhudza. Adamupanga ndi dokotala wachizimayi wa ku Japan Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke cha mu 1962, cholinga chawo chinali kupulumutsa azimayi otaya magazi pobereka, ndipo mpaka pano ntchito yake yaikulu ndi yoletsa kutaya magazi. Patapita zaka madokotala adaona kuti amachepetsanso melasma, mawanga aakulu a bulauni aja amabwera m'masaya ndi pamphumi makamaka nthawi ya pathupi. Wakumwa ndi wamphamvu koma ndi wa dokotala yekha chifukwa kwa anthu ena angathandizire kuundana kwa magazi, chonde musamagule mapilisi ake poti mwaona pa vidiyo. Wopaka amakhala pa 2% mpaka 5%, ndi wofatsa ndipo amagwira pang'onopang'ono. Akale odalirika nawo musawanyoze, niacinamide pa 4% kapena 5% amachepetsa kusamuka kwa melanin kupita ku maselo a pamwamba, ndipo simukufunika wa 20% ayi, ameneyo ambiri amangowayabwa. Azelaic acid pa 15% kapena 20% amamenya ziphuphu ndi mawanga nthawi imodzi.

Ndinene ichi mosabisa chifukwa ndaona nkhope zomwe zidawonongeka ndipo zimandipweteka mtima. Chilichonse cholonjeza kuchotsa mawanga mu masiku 7, makamaka chopanda mndandanda wa zomwe aikamo, muchiope. Kawirikawiri mumakhala steroid wamphamvu ngati clobetasol, kapena hydroquinone wochuluka, pena mercury. Steroid amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera ndipo mukasiya ziphuphu zimabwera mwaukali. Hydroquinone ndi mankhwala enieni omwe madokotala amapereka kwa miyezi yochepa, koma akapakidwa zaka amabweretsa ochronosis, mawanga akuda motuwira omwe kuchoka kwake nkovuta zedi, nchifukwa chake mayiko a European Union adamuchotsa mu mafuta oyeretsa khungu mu 2001. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafikanso kwa mwana wa m'mimba, ndipo pangano la mayiko la Minamata likuletsa kumuika mu zodzola. Kuchotsa banga ndi kusintha mtundu womwe mudabadwa nawo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ine ndikuthandiza choyambacho.

Zonse ndatchulazi sizipita patali ngati dzuwa likupsereza banga lomwelo tsiku ndi tsiku. Ambiri a khungu lakuda amati ife sanisikirini ndi wa chiyani poti sitipsa, zoona simupsa msanga, koma banga limada ndi dzuwa. Ndipo pali chomwe chidadziwika posachedwapa chomwe chikukhudza inu kwambiri. Mu 2010 ofufuza a ku Henry Ford Hospital ku Detroit adaonetsa kuti kuwala wamba komwe timakuona ndi maso, osati UV yokha, cheza cha dzuwa chosaoneka chija chomwe chilipo cha mitundu ya UVA ndi UVB, kumadetsa khungu lakuda, ndipo kudako kumakhalitsa, pomwe pa khungu loyera kwambiri sikudachite kanthu. Sanisikirini wamba satchinga kuwala kumeneku. Chomwe chimatchinga ndi ma iron oxide, utoto wofiira, wachikasu ndi wakuda womwe ndi wachibale wa dzimbiri, womwewo umapereka mtundu ku faundeshoni. Ndiye sanisikirini wokhala ndi mtundu si wongokongoletsa, kwa munthu wa mawanga ndi mankhwala. Kutuwa komwe kumatopetsa anthu kumachokera ku zinc oxide ndi titanium dioxide, omwe ndi ufa woyera. Zotchinga zatsopano zosungunuka ngati bemotrizinol, yemwe ku Ulaya akhala akumugwiritsa kuyambira cha mu 2000, sizisiya kuyera kumeneko ndipo sizifooka msanga padzuwa, ndipo mu 2022 kudabwera Mexoryl 400 wotchinga mbali yakumapeto ya UVA yomwe zakale zimaiphonya. Sanisikirini wolembedwa SPF 30, nambala yosonyeza mphamvu yake, amatchinga pafupifupi 97% ya UVB, koma pokhapokha mwapaka wokwanira, mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri pa nkhope ndi khosi. Ambiri amapaka theka la pamenepo.

Izi zikutifikitsa pa faundeshoni yanu yotuwayo. Pafupifupi faundeshoni iliyonse imapangidwa ndi mitundu inayi yokha, woyera wa titanium dioxide, kenako wachikasu, wofiira ndi wakuda wa iron oxide. Njira yaulesi yopangira mtundu wakuda ndi kutenga msakanizo wa anthu oyera, womwe uli kale ndi woyera wambiri, nkumathiramo wakuda mpaka ude. Woyera ukakumana ndi wakuda chimatuluka ndi phulusa, ndipo phulusalo ndi lomwe mukuliona pagalasi. Ndikasakaniza pa kagalasi ka mu labu nkupaka pa mkono kusiyana kumaoneka pompopompo, wina amakhala pamwamba ngati fumbi, wina amalowerera ngati khungu lomwe. Wopanga wosamala amachepetsa woyerayo kwambiri, amakweza wofiira ndi wachikasu, pena nkuthiramo ka ultramarine blue pang'ono kuti mtundu uzame osatuwa. Fenty Beauty ya Rihanna itatuluka mu 2017 ndi mitundu 40 idakakamiza makampani ena kusiya ulesi umenewu, siidali yoyamba kupangira anthu akuda koma msika udagwedezeka. Chinanso chatsopano chosaoneka ndi kukuta timbewu ta utoto ndi silikoni kapena ma amino acid kuti mafuta a nkhope asasinthe mtundu masana. Poyesa pakani pa nsagwada osati pa dzanja, tulukani panja pa kuwala, dikirani mphindi 15 muone ngati yasintha. Ngati mumayera pa zithunzi za flash, kawirikawiri wolakwa ndi pauda wa silica yemwe mwathira pamwamba.

Lipisitiki ndi faundeshoni zosachoka zija chinsinsi chake ndi mafuta ouluka msanga ngati isododecane, omwe akauma amasiya kachikopa ka utomoni wa silikoni kogwira utoto, nchifukwa chake zimaumitsa milomo ndipo zimachoka bwino ndi mafuta osati kukhula ndi sopo. Pa zosachokazi pali nkhawa imodzi, mu 2021 ofufuza a ku University of Notre Dame adayesa zodzoladzola 231 ndipo pafupifupi theka zidali ndi fluorine wambiri, chizindikiro cha mankhwala a PFAS omwe sawola mu thupi kapena mu chilengedwe, makamaka mu masikara osachoka ndi madzi ndi lipisitiki yamadzimadzi. Mukaona PTFE kapena mawu okhala ndi perfluoro pa lebulo, ndi amenewo. Masikara atsopano okuta nsidze iliyonse ndi kachubu ka polima ndi abwino pa ichi, thukuta sawachotsa koma madzi ofunda amawavula osakhula maso.

Tibwere ku tsitsi. Tsitsi lomwe latuluka kale m'mutu ndi lakufa, silidya, silipola, mawu oti kudyetsa tsitsi ndi a malonda. Mkati mwake muli zingwe za keratin zogwirana ngati makwerero, ndipo timitengo topingasa ta makwererowo tilipo ta mitundu itatu. Tina timamasuka ndi madzi nkubwerera likauma, tina timamasuka pH ikasintha, koma tolimba kwambiri ndi ta disulfide, tomwe timapatsa tsitsi mphamvu ndi mapiringidzo ake. Rilakisa, kaya ya sodium hydroxide kaya ija amati no lye, imakhala ndi pH ya 12 kupita m'mwamba ndipo ntchito yake ndi kuthyola timitengo timeneti. Ukaika tsitsi lowongoledwa kangapo pa maikulosikopu umamva chisoni, mamba ake omwe amayenera kugona bwinobwino ngati a nsomba amakhala atatukuka, ena atachokeratu, ndipo malo ena tsitsi limaoneka ngati chingwe chomwe chayamba kumasuka. Pamenepo ndi pomwe limadukira mukapesa.

Olaplex idabwera mu 2014, yopangidwa ndi akatswiri a kemisitiri Craig Hawker ndi Eric Pressly ku Santa Barbara, ndi molekyu ya manja awiri yotchedwa bis-aminopropyl diglycol dimaleate yomwe cholinga chake ndi kugwira mbali ziwiri za kamtengo kothyoka. Idatsegula msika wonse wa zolumikiza tsitsi, lero kuli za ma peptide ngati K18, kuli za citric acid ndi maleic acid. Kodi zimagwira? Tsitsi limalimbako ndipo kuduka kumachepa, makamaka zikaikidwa nthawi yomwe tsitsi likupakidwa mankhwala oyeretsa kapena dayi, ngakhale akatswiri akutsutsanabe ngati zikulumikizadi timitengoto monga amanenera kapena zikulimbitsa mwa njira ina. Koma kwa inu pali mfundo yomwe sakuuzani. Rilakisa sikuti imangothyola disulfide, imasandutsa gawo lina kukhala lanthionine, mgwirizano wa mtundu wina womwe subwereranso mwakale, ndiye palibe botolo lingabweze tsitsi lowongoledwa kukhala momwe lidaliri. Zolumikizazo zikuthandizani kusunga lomwe latsala, basi.

Chomwe chingachepetse kudukako kwambiri sichili mu botolo latsopano. Rilakisa izipakidwa pa tsitsi lomera kumene lokha, isakhudze lowongoka kale, ndipo pakati pazidutsa masabata 8 mpaka 12. Mafuta a kokonati musanachape ali ndi umboni, mu 2003 ofufuza Rele ndi Mohile ku India adayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi mineral oil, ndipo a kokonati okha ndiwo adachepetsa kutayika kwa puloteni, chifukwa lauric acid wake ndi wowongoka komanso wamng'ono moti amalowa mkati mwa tsitsi. Silikoni nayenso anthu amunyoza mopyola, koma amodimethicone ndi chimodzi mwa zinthu zanzeru kwambiri mu kondishona, malo owonongeka a tsitsi amakhala ndi mphamvu ya negative ndipo iye ali ndi ya positive, ndiye amakamatira pomwe pawonongeka pomwepo nkusalaza kuti chipeso chidutse osakoka. Ngati tsitsi likuthothoka kuchokera ku mizu, makamaka m'mbali mwa mphumi, yang'anani kaye zoluka zothina ndi guluu wa wigi, ndipo mankhwala okhala ndi umboni ndi minoxidil, yemwe adayamba ngati mankhwala a BP nkuvomerezedwa kupaka m'mutu mu 1988. Mafuta a rosemary otchuka aja akutsamira kwambiri pa kafukufuku mmodzi wa mu 2015 wa anthu 100.

Sindingadutse osakuuzani za thanzi. Mu 2022 bungwe lofufuza za umoyo ku America la NIH lidatulutsa zotsatira za Sister Study, azimayi oposa 33,000 omwe adawatsatira pafupifupi zaka 11, ndipo omwe amawongola tsitsi ndi mankhwala kupitirira kanayi pa chaka adapezeka ndi khansa ya mkati mwa chiberekero, osati ya khomo la chiberekero, kuwirikiza koposa kawiri poyerekeza ndi osawongola, 4.05% poyerekeza ndi 1.64% pofika zaka 70. Kafukufukuyu adaonetsa kugwirizana, sadaloze kuti mankhwala akuti ndiwo ayambitsa, ndipo khansayi siichitika kawirikawiri, koma kwa ine ndi chifukwa chokwanira chochepetsera maulendo komanso kusalola rilakisa kuotcha khungu la m'mutu, poti pa chilonda mankhwala amalowa mosavuta. Musathawirenso ku keratin treatment mwachimbulimbuli, zambiri zimatulutsa formaldehyde, mpweya woopsa ku thanzi, zikaotchedwa ndi ayironi, ndipo zina zolembedwa kuti zilibe formaldehyde zili ndi glyoxylic acid, yemwe madokotala ku Israel ndi ku France alemba kuti adavulaza impso za azimayi ena.

Ichi cha glyoxylic acid chikundikumbutsa kuti chatsopano sichikhala chabwino nthawi zonse. Anthu ataopa ma paraben makampani ambiri adathamangira ku mankhwala ena osungira otchedwa methylisothiazolinone, ndipo anthu ochuluka adayamba ziwengo moti mu 2013 bungwe la madokotala a ziwengo za pakhungu ku America lidamutcha choyambitsa ziwengo cha chakacho, kenako European Union idamuletsa mu mafuta osatsuka mu 2017. Mbali inayi, pali zotulukira zabwino zomwe palibe amaziimbira m'manja. Hyaluronic acid adapezedwa mu 1934 ndi Karl Meyer ndi John Palmer mu diso la ng'ombe, kwa nthawi yaitali amamutenga ku lipombo la tambala, lero amapangidwa ndi mabakiteriya mu matanki ndipo watchipa moti ali paliponse. Squalane amachokera ku chiwindi cha shaki, lero wambiri akupangidwa ndi yisiti yodyetsedwa shuga wa nzimbe kapena kuchokera ku maolivi, ndi woyera bwino komanso wofanana botolo ndi botolo.

Ndiye mukagwira botolo mu shopu litembenuzeni. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kutsika mpaka pa 1%, pansi pa apo akhoza kuzisanja mmene afunira. Phenoxyethanol nthawi zambiri sapitirira 1%, ndiye ngati niacinamide kapena tranexamic acid yemwe akumutamanda kutsogolo ali pansi pa phenoxyethanol, dziwani kuti angowazamo. Retinol ndi thiamidol okha musawaweruze choncho chifukwa iwo amagwira pa mlingo wochepa.

Kwa inu achemwali ndikadayamba chonchi. M'mawa sambani ndi chosambira chofatsa, pakani niacinamide kapena chokhala ndi thiamidol, kenako sanisikirini wa SPF 30 kapena kuposa wokhala ndi iron oxide wa mtundu wanu, mwina mupeza kuti masiku ena faundeshoni simuifunanso. Usiku adapalene kawiri pa sabata, masiku enawo kirimu wa ceramide yekha, ndipo ziphuphu musamafinye. Musayambe zonse sabata imodzi, lowetsani chimodzi, dikirani masabata awiri, muyesere kaye kuseri kwa khutu kapena pansi pa nsagwada, kuti chikakuyabwani mudziwe kuti ndi chiti. Jambulani nkhope lero pa windo m'mawa opanda filter, mudzajambulenso pamalo pomwepo pakatha masabata 12, chifukwa pagalasi la tsiku ndi tsiku kusintha sikuoneka. Ngati pofika nthawi imeneyo palibe chasintha, kapena ziphuphu zanu ndi zija zazikulu zopweteka za mkati, pitani kwa dokotala wa khungu, ndipo mutenge mabotolo onse omwe mwakhala mukupaka, ngakhale aja opanda lebulo, akawaone.